Eni nyumba, musataye wa lendi wabwino

Bambo Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhuleko pa tsamba lanu lino za anthu amene timawasunga m'nyumba zathu za lendi. Eni nyumba tikakumana, kaya pa maliro kaya pochokera ku tchalitchi, nkhani imakhala imodzimodzi: wakuti anathawa usiku ndi lendi ya miyezi itatu, wakuti anasiya bilu ya madzi, wakuti anazula ndi loko yomwe. Zimenezi zimachitikadi, sindikukana. Koma alipo ena amene akhala m'nyumba zathu zaka ndi zaka osatipweteketsa mutu, ndipo za iwowa palibe amazikamba. Chondilembetsa kalata ino n'chakuti masiku ano anthu otere ndi amene ayamba kuthamangitsidwa.

Ambiri mwa ife amene tili ndi nyumba ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale kapena ku Zolozolo sitikhalanso m'tauni. Tinapuma pa ntchito, tinabwerera kumudzi, nyumba tinaisiya m'manja mwa munthu amene si mbale wathu. Enanso anamanga pa malo a zamalonda kufupi ndi kwawo, makamaka kuyambira 1994 pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale, aphunzitsi n'kuchuluka koma nyumba za pa sukulu zosakwana. Lero m'nyumba zimenezi muli aphunzitsi, alangizi a zaumoyo, apolisi ndi ogwira ntchito m'sitolo. Tsono mwini nyumba akakhala ku Ntcheu, nyumba ili ku Bangwe, maso ake ndani? Maso ake ndi wa lendi uja.

Ine ndili ndi nyumba ya zipinda zitatu ku Bangwe, ndipo banja limene lilimo latha zaka 9. Lendi amalipira, inde, kale pamanja, pano pa foni. Koma zimene ndimawerengera kwambiri sizilembedwa pa lisiti. Lata likayamba kudontha amandiimbira tsiku lomwelo, sadikira kuti phaso liwole. Chiswe chitayamba kukwera pa felemu la chitseko cha kukhitchini, mayi wa m'nyumbamo ndi amene anachiona n'kundiuza chisanafike kudenga. Mwezi wa Okutobala uliwonse bamboyo amatenga khasu ndi ana ake n'kulambula ngalande ya kuseri kwa nyumba popanda womutuma. M'mwezi wa Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba zambiri mu Blantyre n'kupha anthu ku Chilobwe ndi m'mphepete mwa phiri la Soche, madzi a pa malo anga anapeza njira yawo m'ngalande imeneyo, ndipo chimene chinagwa ndi mpanda wokha. Sindikunena kuti ngalande ikanaletsa matope ochokera m'phiri, ayi, amene aja anali malodza. Koma nyumba zambiri za zidina zimagwa ndi madzi ongoima m'mbali mwa khoma, ndipo amene angawaone ndi munthu wogona m'nyumbamo.

Mayi wina wamasiye wa m'mudzi mwathu muno ali ndi nyumba ku Lilongwe imene anamusiyira malemu amuna ake. Woyandikana naye atayamba kukumba maziko a mpanda n'kulowa m'malo a mayiwa, amene anaimitsa ntchitoyo n'kuitana amfumu a m'deralo anali wa lendi. Mayiwa pofika ndi basi mawa lake anapeza nkhani yakambidwa kale, chingwe chabwezedwa pa malire akale. Akanakhala munthu wongoti "nyumba si yanga", bwenzi lero akuyenda m'makhoti.

Palinso nkhani ya kuchedwa kwa lendi. Wa lendi wabwino si amene sanachedwepo kulipira, popeza malipiro a pa ntchito nawo amachedwa, matenda ndi maliro sizipangana tsiku. Wabwino ndi amene amanena mwezi usanathe kuti, "Bambo, mwezi uno zandivuta, ndikupatsani theka pa 30, lotsalalo pa 10," ndipo pa 10 ndalama imafikadi. Munthu wotere umatha kukonza za feteleza ndi fizi ya adzukulu uli ndi mtima m'malo. Wozimitsa foni ndiye amadwalitsa.

Nanga chavuta n'chiyani? Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Simenti, malata, penti, misomali, zonse zinakwera, ndipo mwini nyumba amene amadalira lendi pa ukalamba wake ali ndi chifukwa chomveka chokwezera. Pamenepa sindikutsutsa aliyense. Chimene ndikudandaula nacho ndi kachitidwe kake. Kwabwera madobadoba amene amayenda m'makomboni kunong'oneza eni nyumba kuti, nyumba yanuyi mukuitaya, ine ndili ndi munthu woti apereke zambiri ndiponso za miyezi itatu pakamodzi. Chimene sanena n'chakuti iwo amadya pokhapokha munthu watsopano akalowa. Banja lokhazikika zaka 9 kwa dobadoba ndi njala. Mwini nyumba akamva za miyezi itatu mutu umazungulira, n'kulembera wa lendi wake kakalata koti atuluke pakutha pa mwezi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mongoyerekeza. Nyumba ya K80,000 pa mwezi, dobadoba walonjeza K100,000. Phindu ndi K20,000 pa mwezi. Munthu uja watuluka, wolonjezedwayo sanabwere, nyumba yakhala miyezi iwiri yopanda munthu: K160,000 yapita, ndipo kuti ibwerere pafunika miyezi 8. Apa sitinawerengere penti, popeza wolowa kumene salola makoma akuda, ndiponso sitinawerengere thiransipoti yanu yochokera kumudzi maulendo atatu kapena anayi. Ndipo nyumba yopanda munthu m'tauni sigona bwino. Mpopi wa panja, mawaya a magetsi, zitseko, ngakhale malata a pa bafa, akuba amadziwa msanga nyumba imene madzulo simuyaka nyali. Pomaliza mwalowetsa munthu amene simukudziwa khalidwe lake, mwina ndi yemwe uja wozimitsa foni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Ine mmene ndimachitira ndi banja la ku Bangwe ndi motere. Ndikafuna kukweza ndimapita ndekha, timakhala pansi, ndimawauza miyezi itatu isanakwane, ndi kuwaonetsa mitengo ya zinthu zimene ndikufuna kukonza pa nyumbapo. Iwo amanena pamene angafike. Nthawi zina timagwirizana kukweza kawiri pang'onopang'ono m'malo mwa kamodzi. Chimene agula okha pokonza nyumba, monga loko kapena mpopi, amasunga lisiti ndipo timachotsera pa lendi. Zonse timalemba m'kope limodzi la ana a sukulu, iwo asayina, ine ndisayina. Ndikudziwa kuti nyumba zofanana ndi yanga m'derali zikulipitsa kuposa ine, ndipo ana anga amandiseka nazo. Koma chitseko chimene ndinaika pomanga chikadali chomwecho.

Ndipemphe abusa, ansembe ndi akulu a mpingo, popeza milandu yambiri ya lendi imafika kwa inu isanapite kwa amfumu kapena ku khoti. Kawirikawiri mwini nyumba ndi wa lendi amakhala a mpingo umodzi, ndipo zimaoneka kuti mawu a mwini nyumba ndi amene amalemera chifukwa ndi munthu wodziwika m'deralo. Mukamaweruza muzifunsako kuti munthuyu wakhala zaka zingati m'nyumbamo, waphonya miyezi ingati, ndipo wapatsidwa masiku angati oti apeze kwina. Banja la ana a sukulu kulitulutsa pakati pa teremu, m'nyengo ya mvula, ndi nkhani yoti mungathe kuiletsa ndi mawu okha.

Kwa a lendi amene mukusamuka mwamtendere, pemphani mwini nyumba akulembereni kakalata konena zaka zimene mwakhala ndi mmene mumalipirira, kuti mukaonetse kumene mukupita. Ife eni nyumba tisamakane kulemba, ndipo tikamalandira munthu watsopano tizifunsa kalata yotere tisanafunse za miyezi itatu.

Mwini nyumba wopuma pa ntchito,
Ntcheu.