Amisiri Odzutsa Matiresi ku Kapichila

Dera la Mfumu Kapichila, m'boma la Lundazi m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia, ndi dziko la alimi. Anthu ambiri amaona ndalama yooneka kamodzi pachaka, akagulitsa chimanga, mtedza, soya, mpendadzuwa kapena thonje. Nyengo yokolola ndiyo nthawi yogula malata, njinga ndi matiresi. N'chifukwa chake matiresi akafooka, mwini wake sathamangira nawo kudzala. Amayamba wafunsa ngati alipo mmisiri amene angawadzutse. Amisiri otere alipo ndithu, m'midzi, m'timisika komanso pa Boma, ngakhale kuti ntchito yawo ilibe dzina lolembedwa pachikwangwani.

Matiresi a siponji ndi mlendo kwathu kuno. Makolo ankagona pamphasa, pamkeka kapena pachikopa. Pambuyo pake anthu anaphunzira kusoka masaka n'kuikamo udzu wouma, makoko a chimanga kapena thonje, ndipo zam'katizo zikaphwanyika ankazikhuthulira kumunda n'kuikamo zina. Zonsezo zinkawola. Siponji ndi wosiyana. Amapangidwa ndi mankhwala ochokera ku mafuta okumba pansi, ndipo njira yopangira zinthu za mtundu wake inatulukiridwa ndi Otto Bayer ku Germany mu 1937. Mafakitale a m'dziko muno amaitanitsa mankhwalawo kunja, ndipo matiresi ochokera ku Lusaka amayenda makilomita oposa 700, kudzera ku Chipata, asanafike ku Lundazi. Mtunda wonsewo amaulipira ndi wogula. Kuwonjezera apo, siponji akakwiriridwa m'nthaka amakhala zaka zambirimbiri osawola.

Woyamba pa ntchitoyi ndi telala. Nthawi zambiri chimene chimayamba kutha pamatiresi ndi nsalu yakunja: imang'ambika m'makona, imathimbirira ndi thukuta, kapena makoswe amaiboola. Telala amasomola nsalu yakaleyo, amayeza siponji m'litali, m'lifupi ndi kuchindikala kwake, n'kusoka chikuto chatsopano pa makina opalasa ndi mwendo. Ena amasankha zitenje ziwiri kapena zitatu, ena makatani ndi nsalu zochindikala za pa salaula. Wodziwa ntchito amasiya mbali imodzi ya zipi kapena ya zingwe kuti chikutocho chizivulidwa pochapa. Pakhomo pamene pali mwana wokodza pogona kapena wodwala wosadzuka, amayamba wakuta siponji ndi pepala la pulasitiki, nsalu n'kubwera pamwamba. Kanzeru kameneka kamatalikitsa moyo wa matiresi kuposa chigamba chilichonse.

Wachiwiri ndi wodula ndi kumata siponji, amene kawirikawiri amakhala yemwe uja wokonza mipando ya sofa. Iyeyu ndiye amadziwa matenda enieni a matiresi. Ogula ambiri amangofunsa mainchesi, kaya 4, 6 kapena 8, poganiza kuti ochindikala ndiwo olimba. Mmisiri amayang'ana kulemera kwake. Siponji wopepuka amakhala ndi mpweya wambiri m'kati, ndipo sachedwa kukumba dzenje pakati, pamene pamafikira chiuno ndi mapewa, mpaka munthu kumamva matabwa a bedi kumsana. M'mbali ndi kumiyendo kumakhala kudakali kolimba. Mmisiri amadula pofookapo ndi mpeni wautali wonoledwa bwino, amasema chidutswa china cholingana ndi malowo, amapaka guluu mbali zonse ziwiri, amadikira kuti ayambe kunanda, kenaka n'kuphatikiza. Akafulumira kumata guluu asanagwire, msoko umatseguka pakangopita masabata ochepa. Akachulutsa guluu, pamsokopo pamauma gwa, ndipo wogona amapamva usiku wonse.

Pali njira zinanso. Matiresi awiri opyapyala amamatidwa n'kukhala amodzi ochindikala. Aakulu a banja amene awonongeka mbali imodzi amadulidwa kuti patuluke aang'ono a mwana wopita kusukulu yogonera komweko. N'chifukwa chake ntchito imachuluka mu Januwale, sukulu zikamatsegulira chaka, komanso m'miyezi ya pambuyo pokolola. M'miyezi ina ya dzinja, ndalama zonse zikapita ku feteleza, mmisiri nayenso amatseka chitseko n'kugwira khasu. Malipiro si ndalama zokha ayi. Pena amalandira chitini cha chimanga, nkhuku kapena mtedza, monga zimakhalira pakati pa anthu odziwana.

Siponji amene sangagonekenso munthu amagwera m'manja mwa ena. Kalipentala amamuika pamipando ndi pamabenchi. Wokonza njinga amadula kachidutswa kokuta pakaliyala kuti wokwera asamve kuwawa pamsewu wa mabampu, ndipo eni njinga zamoto amadzazira zishalo zimene zaphwa. Amayi amanyenya zotsala n'kuzisakaniza ndi tinsalu ta kwa telala, n'kusoka mapilo ndi makhushoni ogulitsa pamsika. Tizidutswa tating'ono timathera kotsukira mbale ndi kufufutira bolodi kusukulu. Matiresi a masipuling'i ndi osowa kumudzi, koma akapezeka, waya wake amapita kwa owotcherera kapena kwa ogula zitsulo zakutha. Chomwe chimafika kudzala pamapeto pake n'chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene chinatuluka m'sitolo.

Ntchitoyi munthu amaiphunzira poyang'ana. Mnyamata amayamba ndi kusomola ulusi, kusesa ndi kugwirira siponji pamene mkulu akudula. Pakapita nthawi amapatsidwa mpeni, ndipo pomaliza amaphunzira kuuza kasitomala mtengo. Mpamba wake si waukulu: makina osokera, mpeni, tepi yoyezera, singano zazikulu, ulusi wolimba ndi chitini cha guluu. Chovuta n'chakuti guluu ndi nsalu zabwino zimapezeka pa Boma kapena ku Chipata, ndipo mtengo wake ukakwera, phindu la mmisiri limathera m'njira.

Ngozi zake nazo si zazing'ono. Siponji wokalamba amafumbutuka, ndipo fumbi lake limalowa m'mphuno ndi m'maso. Fungo la guluu limachititsa chizungulire ndi mutu ngati munthu akugwirira ntchito m'kanyumba kopanda mawindo, komanso guluuyo sachedwa kugwira moto. Ndi bwino kumatira panja pamthunzi, kutali ndi mbaula, mmisiri ataphimba pakamwa ndi mphuno. Ngozi ina imabwera ndi matiresi omwewo. Nsikidzi zimabisala m'misoko, zimaikira mazira momwemo, ndipo zimatha miyezi ingapo osayamwa magazi koma zili moyo. Chimene chimazipha msanga pamodzi ndi mazira ake ndi kutentha kopitirira madigiri 50. Choncho nsalu yakale iyenera kuviikidwa m'madzi owira kapena kutayidwa, misoko ya bedi kuthiridwa madzi otentha, ndipo siponji ayenera kuuma mpaka m'kati asanakutidwe, chifukwa wachinyezi amachita nkhungu. Tizilombo ta mphere sitipirira masiku oposa atatu popanda khungu la munthu, motero matiresi a wodwala mphere aziikidwa padera masiku angapo asanagwiridwe.

Apa m'pamene pamaonekera mmisiri woona ndi wakuba. Pali ena amene amatola siponji wotheratu, wonunkha mkodzo, n'kumuveka nsalu yowala kuti agulitse ngati watsopano. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wochita zotere amaba ndalama ya mlimi, amalowetsa matenda m'nyumba ya mnzake, ndiponso amaipitsa mbiri ya anzake onse ogwira ntchito mokhulupirika. Wogula matiresi okonzedwanso ali ndi ufulu wopempha kuti amutsegulire aone m'kati, ndipo mmisiri wabwino sakana.

Chimene chatsala chosathetsedwa ndi mapeto a siponji amene wafumbutukiratu. Ambiri amangomuponya pamoto pamodzi ndi zinyalala zina. Utsi wakuda umene umatuluka uli ndi mpweya wa poizoni, kuphatikizapo carbon monoxide ndi hydrogen cyanide, ndipo oyamba kuupuma ndi ana osewera pabwalo ndi amayi ophika pafupi. Ena amamutaya m'ngalande, momwe amatseka madzi n'kusanduka malo oswerana udzudzu.

Mayiko olemera anachita kukhazikitsa malamulo kuti afike pamene amisiri athu anafika chifukwa cha kusowa. Ku America, zigawo za California, Connecticut ndi Rhode Island zinakhazikitsa malamulo mu 2013 akuti wogula matiresi atsopano azilipira kandalama kapadera kothandizira kutolera ndi kuphwasula akale. Kumeneko zitsulo zimasungunulidwa, ndipo siponji amagayidwa n'kumatidwanso kukhala zoyala pansi pa kapeti. Akatswiri a ntchitoyi amati zoposa magawo atatu mwa anayi a matiresi zingathe kugwiranso ntchito. Kuno ku Zambia kuli lamulo la 2018 loyendetsera zinyalala, limene limapatsa makhonsolo udindo wosamalira zinyalala m'madera awo, ndipo kuli bungwe la ZEMA loyang'anira zachilengedwe. Chaka chomwecho boma linatsitsimutsa kampeni ya Keep Zambia Clean, Green and Healthy. Koma galimoto yotola zinyalala sifika m'midzi ya Kapichila, ndipo amene akuchepetsa zinyalala zamtunduwu tsiku ndi tsiku ndi telala, kalipentala ndi mayi wosoka mapilo.

Anthu amenewa akuyenera kuthandizidwa, ndipo njira ilipo. Mu 2022 thumba la chitukuko cha madera a aphungu, la CDF, linakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse, ndipo mbali ina ya ndalamazo ndi yophunzitsira achinyamata ntchito zamanja komanso yopereka mpamba kwa magulu. Amisiri a matiresi ndi mipando atapanga gulu n'kulembetsa, angathe kupempha makina olimba osokera, kugula guluu ndi nsalu mopikula, ndi kukhala ndi malo amodzi osonkhanitsira zidutswa. Sukulu zogonera komweko ndi nyumba zodikirira amayi oyembekezera m'zipatala zimakhala ndi matiresi ong'ambika amene akanatha kukutidwanso ndi amisiri a konkuno, ogwira ntchito zaumoyo atawaona kuti ndi oyenera. Khonsolo nayo ipeze malo osungirako siponji wotheratu m'malo moti aziwotchedwa pakhomo.

Kwa inu muli ndi matiresi pakhomo, muziwatembenuza kawirikawiri, kumutu kupite kumiyendo, kuti asafookere malo amodzi. Musawayale pansi pachinyezi popanda mphasa, ndipo powayanika musavule nsalu, popeza dzuwa likamenya siponji mwachindunji amachita chikasu n'kuyamba kufumbutuka. Akafooka, musawatenthe. Pitani nawo kwa mmisiri wa m'dera lanu, mumulipire mtengo woyenera thukuta lake, ndipo zotsala muzipereke kwa amene angazigwiritse ntchito.