Makiyi a kiyibodi yanu asanduka achikasu? Musathamangire Jik

M'matchalitchi ndi m'mabandi a m'tauni muno muli makiyibodi akale omwe makiyi ake adali oyera mbee koma pano ndi achikasu. Ena mwa iwo si zinthu wamba ayi. Yamaha DX7 idatuluka mu 1983, Roland Juno-106 mu 1984, Korg M1 mu 1988, ndipo mpaka lero oimba kunja amazisakasaka. Ndiye musanayambe kukwecha, dziwani kaye chomwe chachitika.

Nthawi zambiri chikasucho si litsiro. Makiyi ndi zikuto za zida zambiri zakale adazipanga ndi pulasitiki yotchedwa ABS. Mkati mwake muli butadiene, yemwe akakumana ndi mpweya, kutentha ndi cheza cha dzuwa cha UV kwa zaka zambiri amasintha, pamwamba pa pulasitiki nkuoneka chikasu. Nchifukwa chake kiyibodi yokhala pawindo imafulumira kusintha kuposa yokhala m'chikwama.

Poyamba tsukani ndi nsalu yonyowa pang'ono ndi sopo wa mbale. Utsi wa fodya, fumbi ndi mafuta a m'zala zimachoka pomwepo. Chotsalacho ndiye cha pulasitiki yeniyeniyo.

Njira yodziwika yoyeretsera ndi retrobright, yomwe idayamba ndi okonda makompyuta akale cha m'ma 2008. Imafuna hydrogen peroxide ndi dzuwa basi. Ambiri amagwiritsa developer ya kirimu ija ya ku saluni: yolembedwa 20 vol ndi 6%, ya 40 vol ndi 12%. Ngati ndi koyamba, tengani yofookayo.

Zimitsani kiyibodi, chotsani kumagetsi, mumasule. Jambulani ndi foni musanachotse kanthu, chifukwa makiyi sali ofanana: kiyi ya C silowa pamalo pa D, ndipo timasipuling'i timasowa msanga. Chotsani makiyi oyera okha, mankhwalawa asayandikire mawaya kapena timalabala ta pansi pa makiyi. Valani magolovesi, samalani maso. Pakani kirimu mofanana paliponse, kulungani m'pulasitiki yoonekera, muyike padzuwa. Ola lililonse muziyang'ana, kutembenuza ndi kusalaza kirimuyo. Ikaumira malo amodzi imasiya mawangamawanga ovuta kuchotsa. Samalaninso ndi dzuwa la Okutobala, kutentha kwake kutha kupinda makiyi. Mukakhutira, tsukuluzani ndi madzi ambiri, ziume bwinobwino musanabwezere.

Yesani kaye kiyi imodzi ya kumapeto. Makiyi akuda ndi malo olembedwa mawu asiyeni, amatuwa. Jik ayi ndithu, ndipo musamusakanize ndi peroxide. Thinner ndi acetone ndiye zoopsa, zimasungunula ABS.

Koma dziwaninso ichi: kuyeraku ndi kwa pamwamba chabe. Chikasu chimabwereranso pakapita nthawi, ngakhale chidacho chikhale mumdima, ndipo kubwereza pafupipafupi kutha kufooketsa pulasitiki yomwe ndi yokalamba kale. Kiyi ya Juno-106 ikathyoka simukayipeza pamsika, muchita kuyitanitsa kunja.

Ndipo inu amene mukugula kiyibodi yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya ndi ya kwaya kapena yanu, kuyera kwa makiyi kusakutengeni mtima. Peroxide sakonza mawu. Dinani kiyi iliyonse, zonse 61, mvetserani ngati zikulira mofanana, kenako muzikambirana mtengo.