Kanjira ka Pakhomo Pogulitsa Nyumba

Lero tikambirana za cinthu cimene timapondapo tsiku ndi tsiku osaciganizira, ndico kanjira kocokera pacipata kufika pakhomo la nyumba.

M'caka ca 1996 boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linalamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa anthu amene anali kukhalamo. Motero mabanja ambiri a ku Chilenje, Libala ndi Matero mu Lusaka anasanduka eni nyumba. Ena anaonjezera zipinda, ena anafolera malata atsopano, ndipo popita zaka ena anafuna kuzigulitsa. Munthu wotere amaononga ndalama zambiri pa denga, mazenera ndi utoto, koma kawirikawiri amaiwala kanjira. Komatu wogula asanaone cipinda ngakhale cimodzi, amakhala atayenda kale pa kanjirako.

Wogula wocenjera sayang'ana maluwa. Amayang'ana kumene madzi a mvula amapita. Akaona zithaphwi pakati pa njira, kapena ndere zobiriwira m'munsi mwa khoma, amadziwa kuti madzi amayenderera ku maziko a nyumba, ndi kuti tsiku lina khomalo lidzang'aluka. Pomwepo amayamba kutsitsa mtengo, ngakhale utoto ukhale wowala cotani. Cifukwa cace nchito yoyamba si kukongoletsa ai, koma kupendeketsa njira kuti madzi azithawa nyumba. Amisiri amatsitsa njira masentimita 2 pa mita iliyonse. Kutsika kumeneku n'kocepa kwambiri, phazi silikumva, koma madzi amakumvera. Pokuyesa pafunika zikhomo ziwiri, cingwe ndi levulo ya mmisiri basi.

Zikatero mwini nyumba azule udzu ndi mizu yomwe, acotse dothi lakuda la pamwamba, athire dothi la miyala ndi kulitsendera ndi cipika colemera. Apa ndi pamene ambiri amafulumira, ndipo mvula yoyamba ya mu Novembala imaulula kufulumira kwaoko, pakuti njerwa zoyalidwa pa dothi lofewa zimatitimira. Ngati njira yakale inatukumuka, ayang'ane mtengo umene uli pafupi. Nthawi zambiri mizu ndiyo imanyamula simenti, ndipo kumata pamwamba osacotsa muzuwo ndi kungobisa cilema cimene wogula adzacipeza yekha.

Pamwamba pangayalidwe njerwa zoocha, miyala yaphanthiphanthi kapena konkire. Ine ndimakonda njerwa zoyalidwa pa mcenga, cifukwa imodzi ikasweka imacotsedwa yokha, ndipo madzi ena amalowa pansi kudzera m'mipata. Wosankha konkire asakanize muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mcenga wa kumtsinje ndi inai ya miyala. Asaisalalitse ngati pansi pa m'nyumba. Aikokere tsace isanaume kuti ikhale yokhakhala, poopa kuti agogo angaterereke m'dzinja. Aziithirira madzi masiku 7, pakuti konkire youma msanga padzuwa imang'aluka. Njirayo ikhale yosacepera mita imodzi m'lifupi, kuti anthu awiri onyamula mpando adutse osaponda maluwa.

Pali cinthu cina kunja kwa cipata. Ngalande ya m'mbali mwa mseu si ya mwini nyumba, ndipo sayenera kuikwirira pofuna kuti njira yake ifike pamseu. Aikepo cimwala ca konkire ngati kamlatho, madzi azidutsa pansi. Ngalande yotsekeka imasefukira m'mabwalo a anansi, ndipo madzi oima ndiwo amaswa udzudzu.

Zokongoletsa zimadza pomaliza, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Kudulira mpanda wa maluwa, kumweta kapinga, kupaka laimu miyala ya m'mphepete, kudzoza mafuta cipata kuti cisalire, ndi kusesa m'mawa wa tsiku limene wogula adzabwera, nzokwanira. Ena amadzaza njira ndi miphika ya maluwa mpaka mlendo ayenda cammbali. Miphika iwiri pakhonde ndi yabwino kuposa khumi.

Tsopano, ana inu a Giredi 6 ndi 7, tengani mapensulo. Njira ina ili ndi mamita 8 m'litali ndi mita imodzi m'lifupi. Njerwa ya masentimita 23 m'litali ndi 11 m'lifupi ikagonekedwa, zimalowa pafupifupi 40 pa sikweya mita imodzi. Kodi pafunika njerwa zingati? Nanga kucokera pakhomo kufika pacipata, njirayo iyenera kutsika masentimita angati?

Aphunzitsi, phunziro likatha turukani nao anawo ndi ndowa ya madzi. Athire pa kanjira kolowera m'kalasi mwao, aone kumene madziwo alowera, ndipo ajambule zimene aonazo m'mabuku ao.