Mwala Wonga Laimu, Koma Si Laimu

Kuli mwala wina wosowa kwambiri umene akatswiri a miyala amautcha aluminite. Unadziwika poyamba ku Halle, m'dziko la Germany. Umapezekanso ku Newhaven, m'gombe la nyanja ku England, kumene kale ankautcha websterite polemekeza Bambo Thomas Webster, katswiri wa miyala.

Mwalawu ndi woyera mbee, wopepuka, ndiponso wofewa kotero kuti chikhadabo chimaukanda. Umakhala m'dothi la mtapo, m'timibulu tonga mbatata ya kachewere. M'kati mwake muli aluminiyamu, chitsulo chija cha mapoto opepuka, ndi safa, ndi madzi. Madziwo ndi ambiri ndithu, oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake, chonsecho poukhudza ndi wouma.

Nanga umapangika bwanji? Pali mwala wina wonyezimira ngati golide, dzina lake pyrite. Umenewu ukakumana ndi mpweya ndi madzi a mvula umaola ndi kutulutsa asidi. Asidiyo amadya dothi la mtapo, ndipo pang'onopang'ono timibulu toyera tija timaumbika.

Tsono alimi, imvani apa. Laimu wa kumunda amachepetsa asidi m'nthaka, koma aluminite alibe mphamvu imeneyi, ngakhale amaoneka chimodzimodzi. Ndiponso m'nthaka ya asidi wambiri, aluminiyamu ndiye amapinimbiritsa mizu ya chimanga. Mukapeza mwala woyera, musafulumire kuuthira m'munda. Usinjeni, mudonthezepo viniga: mwala wa laimu umachita thovu, aluminite amangoti duu. Mukatero, pitani nawo kwa alangizi akauone.