Anayamba Ayeza Mbale Asanadule Thabwa

M'masitolo ogulitsa katundu wakale ku Copenhagen ndi ku London muli mtundu wina wa kabati umene ogula amaulimbirana. Ndi kabati yotambalala koma yaifupi, yolekeza m'chiuno, yoima pa timiyendo tinayi, yokhala ndi zitseko zokankhira cham'mbali, ndipo ilibe chokongoletsa china kupatula maonekedwe a thabwa lenilenilo. Makabati ambiri otere anapangidwa ku Denmark ndi ku Sweden m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Ambiri mwa amene anawagula ali atsopano anatsikira kale kulichete, koma madirowa ake akutsegukabe popanda kukakamira.

Luso limeneli linayambira pa kuyeza. M'chaka cha 1924, Kaare Klint anayamba kuphunzitsa za mipando ndi makabati pa sukulu yaikulu ya zaluso ya ku Copenhagen. Ophunzira ake sankaloledwa kuthamangira kujambula chinthu chokongola. Ankayamba ayeza thupi la munthu ali chikhalire ndiponso ali chiimire, kenaka n'kuyeza zinthu zimene zidzasungidwe m'kabatimo: mbale, makapu, mabotolo, nsalu zopinda. Kukula kwa kabati kunkachokera pa miyeso imeneyo. Mukaganiza bwino, ndi mmene mlimi wanzeru amamangira nkhokwe. Amayamba wayang'ana munda n'kuyerekeza ngolo zimene akolole, ndiye n'kumadula mitengo.

Chimene chinandikoka mtima pa nkhaniyi n'chakuti alimi alimo. Dziko la Denmark linatukuka ndi makopaletivu. Mu 1882 alimi a m'mudzi wa Hjedding anakhazikitsa kopaletivu yoyamba ya mkaka m'dzikolo, ndipo mu 1896 masitolo a makopaletivu anagwirizana n'kupanga bungwe lotchedwa FDB. Mu 1942, nkhondo ili mkati ndipo dzikolo lili m'manja mwa asilikali a Germany, bungweli linatsegula nthambi yokonza mipando ndi makabati, n'kuipereka m'manja mwa Børge Mogensen, wophunzira wa Klint, mnyamata wa zaka 28. Ntchito yake inali yopanga katundu wolimba amene banja wamba lingakwanitse kugula. Mpando wake wa mu 1947, wotchedwa J39, anaupanga potengera mipando ya a Shaker, kagulu ka Akhristu a ku America kamene kankaona ntchito ya manja yochitidwa mokhulupirika ngati mbali ya kupembedza. Mpandowo ukupangidwabe mpaka lero.

Pambuyo pake Mogensen anagwira ntchito ndi mayi wina katswiri wa zomangamanga, Grethe Meyer, ndipo awiriwa anafufuza zimene banja limasunga m'nyumba, kuyambira malaya mpaka masupuni, kuti chinthu chilichonse chikhale ndi malo ake oyenerana nacho. Ena anaona kuti nyumba za m'tauni n'zopanikiza, choncho anasamutsira katundu kukhoma. Poul Cadovius anatulukira mashelefu opachika kukhoma mu 1948, ndipo ku Sweden, Nisse ndi Kajsa Strinning anapanga ena mu 1949, okoleka pa timakwerero tiwiri ta waya, oti munthu n'kumawonjezera akapeza ndalama.

Tsono tiyeni tibwere kwathu. Mukagulitsa soya kapena nshawa, ndalama zina zimapita ku katundu wa m'nyumba, ndipo palibe cholakwa pamenepo. Koma kawirikawiri chimene chimakwera pangolo kuchokera kutauni ndi kabati yaikulu ya magalasi, yopangidwa ndi utuchi wothinikiza ndi guluu. Imanyezimira ndithu. Ikangomwa chinyezi cha dzinja limodzi imafufuma kumiyendo, zitseko n'kuyamba kulendewera. Chodandaulitsa kwambiri n'chakuti kabatiyo imaonetsa mbale zimene sizidyeredwa, pamene zinthu zimene moyo wa banja wadalira zili mbwee: mbewu ya chaka chamawa ili m'thumba pansi pa bedi, ziphaso ndi makadi a ana a kuchipatala zili m'chikwama chakale, buku lolembamo za pafamu lasowa, ndipo botolo la mankhwala a mbozi lili pawindo pamene mwana angalifikire.

Musanapite kwa kalipentala, chitani zimene ankachita ophunzira a Klint. Tulutsani zonse zofuna kusungidwa, muziyale pamphasa, muziyeze ndi tepi. Mudzadabwa kuona kuti zambiri sizifuna shelefu yakuya kuposa masentimita 30 kapena 40. Shelefu yakuya kwambiri imawononga matabwa, ndiponso kumbuyo kwake kumasanduka mudzi wa mphemvu. Mankhwala a kumunda ndi a ziweto asalowe m'kabati ya m'nyumba ngakhale pang'ono. Amafuna kabokosi kawokawo ka loko, kopachika pamwamba, kutali ndi chakudya.

Timiyendo tija tili ndi phindu lalikulu kwa ife kuposa kwa eni ake. Kabati yotukuka pansi imalola tsache kudutsa, mphepo imayenda, ndipo njira ya chiswe imaonekera isanafike pathabwa. N'chifukwa chomwecho timaimika nkhokwe pamiyala. Zitseko zokankhira cham'mbali sizifuna malo otsegukira ndiponso zilibe mahinjesi oti athyoke. Uzani kalipentala kuti alumikize matabwa powalowetsana mano, osati kungodalira misomali. Koma sikuti zonse za ku Denmark n'zotengera. Makabati awo ambiri anali ndi kachikopa kopyapyala ka mtengo wodula komatidwa pamwamba pa thabwa lotsika mtengo. M'nyumba youma ya ku Ulaya zimenezo zimatha zaka zambiri, koma pansi pa denga lodontha kachikopako kamamatuka. Ife tisankhe thabwa lathunthu.

Nkhani ya mitengo ili ndi mbali yake yowawa. Mtengo wa teak, umene unatchukitsa makabatiwa, sumera ku Denmark. Unkachokera ku Thailand ndi ku Burma. Wina wofiirira, wa rosewood, unkachokera ku Brazil, ndipo unadulidwa mopitirira muyeso moti mu 1992 pangano la mayiko la CITES linaletsa malonda ake. Ife a ku Zambia sitifunika kuuzidwa zambiri, pakuti tinaona malole a mukula akutuluka m'dziko, mpaka mtengowo unaikidwa pansi pa chitetezo cha pangano lomwelo mu 2019. Komatu mipando yambiri ya Mogensen ya anthu wamba inali ya beech ndi oak, mitengo yomera kwawo konko. Kabati yabwino sifuna mukula. Malaina kapena paini amene munabzala m'malire a munda angakwanire, malinga matabwa ake auma. Asanjeni pamthunzi, pamalo okwera, muike timitengo pakati pa thabwa ndi thabwa kuti mphepo izidutsa, ndipo muwasiye miyezi ingapo. Amene mwacheka mu Meyi kapena Juni amakhala ndi chilimwe chonse choti aume mvula isanagwe.