Mbiri ya wodwala igone pachipatala kapena "mumtambo"?

Mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti akathyali a pa intaneti alowerera makompyuta osindikizira mapasipoti. Choncho aliyense wonyamula buku la kuchipatala ku Mua, Golomoti kapena Mtakataka ali ndi chifukwa chofunsira kuti mbiri ya matenda ake imagona kuti.

Njira yoyamba ndi seva, kompyuta yokhala pachipatala pomwepo. Ndi imene bungwe la Baobab Health lidayamba nayo pa Kamuzu Central Hospital mu 2001, kenaka idafalikira m'malo ambiri olandirira ma ARV. Kalaliki amaunika ndi kamakina kapepala ka mizeremizere komatidwa pabuku la wodwala, mbiri yonse n'kutulukira pagalasi logwira ndi chala. Luso lake lili pa magetsi. Makompyutawo amadya moto wochepa, ndipo waya wonyamula uthenga ndi womwewonso umawapatsa moto wochokera m'mabatire akuluakulu. Escom ikathimitsa, mzere wa odwala umayendabe, intaneti ikhalepo kaya ayi. Amene akukumbukira mdima wa 2022, namondwe Ana atagumula Kapichira n'kuchotsa pafupifupi mamegawati 130, akudziwa kufunika kwake.

Koma seva ndi katundu. Kutentha kwa ku Bwanje mu Okutobala, fumbi, mphezi kapena wakuba akhoza kuitenga limodzi ndi mbiri ya zaka khumi ngati palibe amene adaikopera kwina.

Njira yachiwiri ndi imene amaitcha "mtambo", dzina limene labala mphekesera zotopetsa zoti wodwala akalembedwa mmenemo, aliyense wa foni aona kuti akumwa mankhwala anji. Bodza limenelo. Palibe chimene chikuuluka kumwamba. Ndi kompyuta ina, yokhala kutali m'nyumba yozizira ndi yotetezedwa, yofikiridwa kudzera pa intaneti ndi okhawo amene ali ndi nambala yachinsinsi. Mwachitsanzo, DHIS2, pulogalamu yochokera ku University of Oslo imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a mwezi ndi mwezi, imanyamula makamaka ziwerengero: odwala malungo angati, amayi obereka angati. Vuto lenileni la "mtambo" ndi netiweki, imene ikadula ntchito imaima.

Chinsinsi chimaululika kwambiri pamene nambala imodzi ikugwiritsidwa ntchito ndi anthu asanu, kapena yalembedwa pakapepala pansi pa kiyibodi. Lamulo loteteza mbiri za anthu la 2024 lidapatsa bungwe la Macra udindo woyang'anira zimenezi. Wodwala yekha asunge bwino buku lake, lisanyowe.