Kabwato kaulere komwe kadautsa mapiri pachigwa

Aliyense amene ali ndi makina osindikiza zinthu a 3D amakadziwa kabwato kotchedwa 3DBenchy. Ndi kakang'ono, mamilimita 60 okha m'litali, ndipo ambiri akangogula makina amayamba n'kusindikiza iko kuti aone ngati zonse zili bwino. Kali ndi mabowo, denga lopanda chochirikiza pakati komanso mbali zopendekeka, moti makina akakhala ndi vuto, kabwatoka kamaulula pompopompo.

Adakajambula pa kompyuta ndi Daniel Norée wa ku Sweden, ndipo kampani ya Creative Tools idakaika pa intaneti mu Epulo 2015 kuti aliyense azikatenga ulere. Anthu sadachedwe kukasewera. Ena adakaveka matayala, ena adakasandutsa sitima yankhondo, aliyense n'kumaika ntchito yake pa intaneti kuti anzake atengeko.

Koma mu Januwale 2025 zinthu zidatembenuka. Tsamba la Printables, lomwe ndi la kampani ya Prusa ya ku Czech Republic, lidayamba kuchotsa timabwato tosinthidwato. Anthu adakwiya heve. Eti chinthu chaulere n'kukhalanso ndi malamulo?

Zoona zake n'zakuti malamulowo adalipo kuyambira tsiku loyamba, kungoti anthu sankawerenga. Kabwatoka kadatuluka ndi laisensi ya Creative Commons yolembedwa CC BY-ND. Zilembo za BY zikutanthauza kuti ukagawira ena, uzitchula mwini wake. Za ND zikutanthauza kuti ukasintha chinthucho, usagawire anthu chosinthidwacho. Ndiye kwa zaka pafupifupi 10, anthu ankaswa chilolezo osadziwa, eni ake n'kumangoyang'ana kumbali.

Apa ndi pamene ambirife timasokonezeka. Ulere umanena za mtengo basi, sunena za umwini. Munthu akakubwereka njinga osakulipiritsa, siuti wakupatsa ufulu woipenta kapena kukaigulitsa. Ndipo wojambula sachita kufunika kukalembetsa kulikonse: akangomaliza ntchito yake, umwini ndi wake. Mfundoyi ili mu pangano la Berne, lomwe dziko la Malawi lidalowamo mu 1991, choncho fayilo ya munthu wa ku Sweden ndi yotetezedwa ngakhale mutaitsitsira pa foni muli ku Mzuzu.

Pali zilembo zina ziwiri zoyenera kuzidziwa. NC ikuti usapangire bizinesi. SA ikuti ukasintha n'kugawira ena, upereke pa chilolezo chomwecho chimene iwe udapezerapo. Pomwe CC0 ikutanthauza kuti mwini wake wasamba m'manja, chitani nacho chilichonse.

Nanga ojambulawo amavutikiranji ndi tizilembo timeneti pomwe ndalama sakufuna? Yankho lidaoneka mu 2016, pamene ogulitsa ena pa eBay adatenga zinthu zankhaninkhani pa tsamba la Thingiverse n'kumazitsatsa ngati malonda awo, osatchula eni ake, zina zili ndi NC. Munthu wakhala usiku wambiri akukonza chinthu, wapereka mwaulere, mawa lake aone wina akudyerera thukuta lake. Wotereyu ulendo wina sadzaperekanso, ndipo oluza ndi tonse amene timadalira zaulerezo.

Komabe okwiya aja adali ndi mfundo. Masewera amenewa amakoma chifukwa wina amayambira pomwe mnzake wasiyira. Chilolezo cha ND pa kabwato koyesera makina chinkatchinga chinthu chomwe chidakatchukitsa. Kampani ya NTI Group, yomwe idagula Creative Tools mu 2024, idati si iyo idalamula zochotsazo, ndipo mu Febuluwale 2025 kabwatoka kadaikidwa pa CC0. Lero mutha kukasintha, kukagawa ngakhale kukagulitsa popanda wokufunsani.

Si nkhani zonse zimatha bwino chonchi. Ndiye inu achinyamata amene mukuphunzira Blender, kupanga magemu kapena makatuni, musanadine batani lotsitsira fayilo, yang'anani kaye tizilembo tija. Sungani dzina la mwini wake ndi linki, mudzazilembe pansi pa ntchito yanu. Ngati mukufuna kupangira ndalama chinthu cha NC, mulembereni uthenga mwini wakeyo, atha kuvomera kapena kukuuzani mtengo. Paja akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ndipo tsiku lomwe mudzaike ntchito yanuyanu pa intaneti, sankhani chilolezo mutaganiza bwino. Chilolezo cha Creative Commons ukangopereka sichibwezedwa: amene adatenga kale fayiloyo amapitiriza kuigwiritsa ntchito pa mfundo zomwezo, ngakhale inu mutasintha maganizo.